Ntchito sitiyamba kusaka titavala gauni

Pali kaganizidwe kena kamene kakhala kakupweteketsa ma final year kwa zaka zambiri, kakuti ma career fair (zionetsero zomwe makampani amakumana ndi ofuna ntchito) ndi misonkhano ya makampani pa kampasi nzongotaya nthawi, munthu umalize kaye mayeso, ntchito udzasaka digiri ili m'manja. Ayi ndithu abale, sizili choncho.

Makampani ambiri omwe amalemba ma graduate trainee (omaliza kumene maphunziro oti akaphunzire ntchito pakampani) amatsegula ma application miyezi ingapo musanalembe mayeso omaliza ndipo sadikira satifiketi, transcript (chikalata cha magiredi anu) ya zaka zam'mbuyo imakwana poyambira, ndiye mukamadikira graduation mudzapeza malo atadzadza kale, zimandiwawa kwambiri zimenezi. Komanso anthu amene amakhala pa matebulo a makampani ku ma career fair aja nthawi zambiri ndi a HR enieni, oona zolemba anthu ntchito. Osangowasiyira CV nkuthawa ayi, afunseni kuti amatsegula liti, akufuna maluso ati, internship ilipo kapena ayi, nkulemba dzina la amene mwacheza naye kuti imelo yanu isadzakhale ya mlendo.

Za reference nazonso pemphanitu pano alekichala akukukumbukirani nkhope ndi project yanu, pakatha zaka ziwiri amakhala ataphunzitsa mazana ena.