Mayi Wu ndi mphotho ya Nobel yomwe inawalambalala

Mu Blantyre muno, kaya ndi ophunzira sayansi ku MUBAS kaya ogwira ntchito m'zipatala, dzina la cobalt-60 limatikumbutsa makina ochizira khansa. Chitsulo chomwechi chilinso pamtima pa mkangano wa asayansi womwe sunazirale mpaka lero: chifukwa chiyani Mayi Wu, katswiri wa fizikisi, sanapatsidwe mphotho ya Nobel?

Chien-Shiung Wu anabadwa mu 1912 ku Liuhe, m'dziko la China, komwe bambo awo anatsegula sukulu ya atsikana. Anapita ku America mu 1936, natenga digiri ya PhD ya fizikisi pa yunivesite ya ku Berkeley mu 1940, kenako nakhazikika pa yunivesite ya Columbia.

Kalelo akatswiri ankakhulupirira kuti chilengedwe sichisankha kumanja kapena kumanzere. Mu 1956, asayansi awiri, Tsung-Dao Lee ndi Chen-Ning Yang, analemba kuti mwina lamuloli siligwira pamene atomu ikusweka potulutsa tizidutswa totchedwa maelekitironi. Zinali za papepala chabe. Woti aziyese anali Mayi Wu.

Phata la atomu ya cobalt-60 limazungulira ngati nguli. Kuti muone mbali yomwe maelekitironi akutulukira, mapata ambiri ayenera kuloza kumodzi, koma kutentha kumawagwedeza n'kuwasokoneza. Choncho Mayi Wu anagwirizana ndi gulu la Ernest Ambler ku National Bureau of Standards, bungwe la boma loona za miyeso ku Washington. Anamata cobalt wopyapyala pa mwala wa cerium magnesium nitrate, nauziziritsa mpaka pafupifupi 0.01 kelvin (pafupifupi madigiri 273 a Celsius pansi pa ziro), kenako nayatsa maginito kuti mapatawo afole. Chowerengera maelekitironi anachiika mkati momwemo mozizira, chifukwa maelekitironiwo sakanaboola makoma a chipangizocho.

Poyamba zinakanika. Cobalt anali pamwamba pa mwalawo pomwe kutentha kumafika msanga, ndipo mapata ankabalalika m'masekondi ochepa. Anakonza pomutchingira ndi miyala ina ya mtundu womwewo, n'kupeza mphindi zingapo zowerengera. Maelekitironi ambiri anatulukira mbali yotsutsana ndi komwe mapata analoza. Atatembenuza maginito, nawonso anatembenuka. Cobalt atafunda, kusiyanako kunatha, umboni woti vuto silinali la chowerengera. Izi zinatsimikiza kuti Lee ndi Yang ankanena zoona: pano chilengedwe chimasankha mbali.

Zotsatirazi zinalengezedwa mu Januwale 1957, ndipo chaka chomwecho Nobel inapita kwa Lee ndi Yang okha. Oikira kumbuyo komiti ya mphothoyi amati siperekedwa kwa anthu oposa atatu, pomwe oyesawo anali ambiri. Chifukwa chimenechi n'chopepuka: malo achitatu analipo, ndipo woyambitsa ntchito yoyesayo ankadziwika. Mayi Wu analandira mphotho ina ya sayansi, ya Wolf, mu 1978. Anamwalira ku New York mu 1997.