Kutukwana ndi kutemberera m'mafilimu a Chiyoruba si chinthu chimodzi

Amene mumaonera Africa Magic Yoruba pa DStv mukudziwa momwe mkangano umayakira m'mafilimu amenewa. Amayi awiri a nyumba zoyandikana amanga nsalu m'chiuno, akuombana m'manja pamaso, mawu akugwa ngati matalala. Koma mukayang'ana Chingerezi cholembedwa m'munsi mwa kanema, mupeza kachiganizo kamodzi kozizira. Pamenepo woonera amaphonya chinthu chachikulu: Ayoruba, mtundu wa anthu a ku Nigeria, amasiyanitsa èébú, kutukwana, ndi èpè, temberero.

Kutukwana ndi luso la pakamwa. Munthu amatchulidwa kuti wèrè, wamisala, kapena ọ̀dẹ̀, chitsiru, kenako wotukwanayo amayamba kufotokoza mutu, miyendo ndi mano a mnzakeyo, mpaka oonera kugwa ndi phwete. Luso limeneli silinabadwire pa kamera. Mafilimu a Chiyoruba anachokera ku magulu a zisudzo oyendayenda, monga la Hubert Ogunde lomwe linayamba m'zaka za m'ma 1940, ndipo pamene Ola Balogun ankajambula filimu yaitali ya Chiyoruba mu 1976, anatenga akatswiri ozolowera kuseketsa khamu maso ndi maso. Chiyankhulochi chili ndi mamvekedwe atatu, okwera, apakati ndi otsika, moti ngakhale ng'oma ya dùndún imatha kutamanda munthu kapena kumunyogodola popanda woimbayo kutsegula pakamwa. Kukoma kwa mawuwo kuli m'kamvekedwe, ndipo womasulira sangakunyamule.

Temberero ndi nkhani ina. Pachikhulupiriro cha Ayoruba, orí, mutu, ndiye umasunga tsogolo la munthu, choncho kumuuza wina kuti olóríburúkú, wa mutu woipa, n'kukhudza kale mwayi wa moyo wake wonse. Wina akati "kò ní dáa fún ẹ", kutanthauza kuti zinthu sizidzakuyendera, oonera a ku Ibadan kapena Abeokuta saseka. Amadziwa kuti nkhani yatembenuka. Wolakwiridwa amaitana Ṣàngó, mulungu wa mphenzi, kapena Ògún, mulungu wa chitsulo, n'chifukwa chake ngozi ya galimoto ikachitika patsogolo m'filimuyo, palibe amadabwa. Choopsa kuposa zonse ndi cha mayi wogwira bere lake n'kutemberera mwana amene anamuyamwitsa. Zotsatira zake ndi kusabereka, kugwa kwa bizinesi, misala, ndi ulendo wopita kwa babaláwo (sing'anga woombeza), kwa abusa kapena kwa alfa (shehe wa Chisilamu) kukafuna chomasula. Kawirikawiri onsewa amayankha chimodzimodzi: bwererani kwa amene munamulakwira mukagwade.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti opanga mafilimu ena othamangira ndalama amamwaza matemberero paliponse, pa ngongole yaing'ono kapena pa mpando wa m'basi. Temberero likatchulidwa kakhumi m'filimu imodzi limatha mphamvu, ndipo mwana woonera amalitola n'kukaliponyera mnzake kusukulu osadziwa kulemera kwake. Bungwe la National Film and Video Censors Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1993, limaika msinkhu woyenera kuonera filimu iliyonse ku Nigeria, koma mafilimu ambiri masiku ano akufika pa foni kudzera pa YouTube, kumene kholo siliona chizindikiro chilichonse mwana asanayambe kuonera.