Damu la filimu lomwe msilikali anafuna kuphulitsa ku Castle Combe

Mu 2025 anthu a ku Castle Combe, kamudzi ka ku Wiltshire ku England, anafika potopa ndi alendo oulutsa ma drone pamwamba pa nyumba zawo mpaka kujambula m'mayadi. Komatu mkangano wa mudziwu ndi makamera ndi wakale, unayamba mu 1966.

Kale kunkawombedwa nsalu za ubweya wa nkhosa, bizinesi itagwa chitukuko chinaima, nde nyumba zamiyala zija zinangokhala momwemo zaka mahandiredi. Kukongola kumeneko nkomwe kunakopa a 20th Century Fox, kampani ya mafilimu ya ku America, kuti adzajambuleko Doctor Dolittle, filimu ya dokotala woyankhula ndi nyama yomwe anasewera Rex Harrison.

Vuto linali loti mufilimumo mudziwo umayenera kukhala doko la m'mbali mwa nyanja, pomwe Castle Combe ili kumtunda, ili ndi kamtsinje chabe kotchedwa By Brook. Nde anangokatseka ndi damu kuti madzi akwere, nkuika maboti pafupi ndi mlatho, ma eriyo a TV pamadenga anazula kuti azioneka ngati zaka za m'ma 1800. Ena ndalama analandira ndithu, koma enanso zinawanyansa, iwe tangoganiza kudzuka m'mawa mtsinje wa kwanu wasanduka doko, nyama za mufilimu zili mbwee.

Apa mpomwe akulowera Ranulph Fiennes, yemwe pano amadziwika ndi maulendo a ku Antarctica. Nthawi imeneyo anali kamnyamata ka zaka 22, ofisala mu SAS, gulu lapadera la asilikali a ku Britain. Iye amanena yekha kuti mabomba ankachita kusungako otsala pa maphunziro a usilikali, nde usiku wina anapita ndi anzake kukagwetsa damulo, osadziwa kuti apolisi atsinidwa kale khutu. Olemba amasiyana pamenepa, ena amati damulo linali la simenti ena amati matumba a mchenga, ena amalemba ngati analiphulitsadi pomwe ambiri amati anangoyesa. Ine ndimakhulupilira oti anangoyesawo, poti kujambula kunapitilira, komanso mbali yambiri ya nkhaniyi timaimva kwa mwiniwake, munthu wodziwa kukometsa nkhani. Chomwe onse amagwirizana nchoti khoti linamulipitsa faindi ndipo ku SAS anamuchotsa.

Zomwe bomba linakanika mvula inachita. Inagwa mosalekeza, masiku ojambula nkumangoonongeka, mpaka a Fox anapakira nkukamalizira zina ku California. Filimuyo inatuluka mu 1967 ndipo ndalama zomwe anathira sizinabwelere.

Makamera sanasiye kubwera. Filimu ya Stardust ya 2007 inajambulidwako, naye wopanga mafilimu Steven Spielberg anabwera ndi War Horse ya 2011, msewu wa pakati pa mudzi nkuusandutsa msika wa mahatchi. Kusiyana kwake nkoti a mafilimu amayamba apempha ndipo akamaliza amapita, pomwe wa drone amangofika Loweruka nkuiulutsa pamwamba pa munthu akuyanika zovala kuseli kwa nyumba yake.