Mwana wolemba ndi dzanja lamanzere alibe vuto

Zaka zikupita koma nkhani ndi yomweyi, akuti mwana wa giredi 1 akagwira pensulo ndi dzanja lamanzere ndiye kuti mutu sugwira, mpaka amukwapule kuti asinthe. Ayi abale, sizoona. Pafupifupi munthu m'modzi pa anthu 10 aliwonse ndi wamanzere, ndi mmene ubongo wake unapangikira basi, sizikhudzana ndi nzeru. Kumukakamiza kumangomupatsa mantha, amalemba mochedwa mpaka sukulu kuyamba kuida. Chofunika mumukhazike mbali ya kumanzere pa desiki kuti zigongono zisamagundane ndi mnzake, buku alipendeketse pang'ono.

Ngati mukukayika funsani aticha pa sukulu iliyonse muno mu Chipata mmene ana amanzere akukhozera, kapena anesi ku kiliniki. Zomwe simunafufuze chonde musamazitumize pa WhatsApp, ana akuvutika nazo.