Chinook ya pa Mull of Kintyre, mlandu womwe wakana kutha

Mabanja a anthu 29 omwe adafera pa ngozi ya helikoputa ya Chinook pa Mull of Kintyre ku Scotland pa 2 June 1994 akulimbanabe ndi boma la Britain, makamaka chiululikireni nkhani yoti zikalata zina za ngoziyi adazitsekera zaka 100, mpaka 2094, ndiye akufunsa kuti kodi mukubisa chani.

Chinook ndi chihelikoputa chija cha mapiko ozungulira pawiri, kutsogolo ndi kumbuyo, amazungulira mosemphana nchifukwa chake chilibe kaphiko ka kumchira. Adachipanga ndi a Vertol, kampani yomwe Boeing idagula mu 1960, chidauluka koyamba mu 1961, chidanyamula mizinga ku Vietnam, ndipo pa nkhondo ya ku Falklands mu 1982 china chotchedwa Bravo November chidapulumuka chokha zinzake zitatu zitawonongekera pa sitima ya Atlantic Conveyor yomwe idaphulitsidwa. Za kulimba kwake palibe amatsutsa.

Zidavuta ndi pomwe a RAF, gulu la asilikali a mumlengalenga la Britain, adatumiza ma Chinook awo kukawakonzanso kuti akhale Mk2, nkuikamo kompyuta yoyendetsa mainjini yotchedwa FADEC. Mu 1993 kampani ya EDS-Scicon idapatsidwa pulogalamu yake kuti iunike, itangoona 18 peresenti idapeza zokayikitsa 486 nkusiyira pompo. Akatswiri oyesa ndege ku Boscombe Down nawonso adafika pokana kukwera Mk2, ndipo apa mpomwe ine ndimaima, chifukwa iwo adaleka pa 1 June, tsiku lotsatira Mk2 ya nambala ZD576 idanyamuka ku Aldergrove ku Northern Ireland kupita ku Fort George itanyamula akuluakulu 25 a zaukazitape, a polisi ya ku Northern Ireland ya RUC, a bungwe la zaukazitape la MI5 ndi asilikali, kuphatikiza ogwira ntchito mundegemo anayi, onse mundege imodzi! Idakaomba phiri muchifunga, palibe adapulumuka.

Komiti ya RAF yofufuza sidapeze umboni wokwanira wodzudzula oyendetsa, koma mabwana awiri, John Day ndi William Wratten, adagamula kuti oyendetsawo, Jonathan Tapper ndi Richard Cook, adachita kusasamala kwakukulu, pomwe lamulo la RAF lomwelo linkati womwalira asamangidwe mlandu wotere pokhapokha palibiretu chikayiko. Ndegeyo idalibe black box, kachipangizo kosunga zonse zochitika paulendo. Mfundo ya mabwanawo njakuti anyamatawo adalowa muchifunga ali pansi kwambiri komanso akuthamanga, ndipo kunena chilungamo palibe adatsimikiza kuti FADEC ndi yomwe idagwetsa ndegeyo, koma palibenso adatsimikiza kuti mainjini ndi zowongolera zinkamvera mphindi zomalizazo.

Kafukufuku wa ku Scotland mu 1996 sadapeze chomwe chidagwetsa ndegeyo, komiti ya nyumba ya malamulo ya House of Lords mu 2002 idati chigamulo chija chidalibe maziko, unduna wa zachitetezo (Ministry of Defence) uli gwa, mpaka mu 2011 kafukufuku wa Lord Philip atabwerezanso mfundo yomweyo pomwe nduna Liam Fox idapepesa. Zaka 16 mabanja a anyamata awiriwo akusenza manyazi. Pano mabanja safunsanso za oyendetsa, akufuna woweruza afufuze poyera yemwe adalola Mk2 kunyamula anthu tsiku limenelo, ndipo Ministry of Defence ikuti kafukufuku wachitika wokwanira.