Mabuku ochititsa nthumanzi omwe nkhani zake zimakhudza zachipatala

Usiku wina ndili pa naiti, bambo wina wa ku Chibavi yemwe ankadikirira wodwala wake anandipeza ndikumwa tiyi, m'manja muli kabuku kothothoka chikuto. "Adokotala, mpaka usiku uno mukadaphunzirabe za mankhwala?" Ndinaseka. Kabukuko kanali ka nkhani yopeka, ya mtundu uja umati ndiwerengeko tsamba limodzi lokha, kenako n'kungomva atambala akulira.

Mabuku otere ndimawakonda chifukwa ntchito yathu payokha ndi ya ufufuzi. Arthur Conan Doyle, yemwe anapeka Sherlock Holmes, anali dokotala, ndipo luso la wofufuza milandu wakeyo analitengera kwa mphunzitsi wake Joseph Bell wa ku Edinburgh, munthu woti amangokuyang'ana manja ndi nsapato n'kukuuza ntchito imene umagwira.

Woyamba pa mndandanda wanga ndi Agatha Christie. Mayiyu anagwirapo ntchito yopereka mankhwala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, choncho za poizoni ankazidziwa bwino. M'buku lake la 1961, The Pale Horse, anthu amafa ngati alodzedwa, chikhalirecho akupatsidwa thallium, poizoni yemwe kale ankaphera makoswe ndipo amathothola tsitsi. Mu 1977 namwino wina pa chipatala cha Hammersmith ku London ankawerenga bukuli pomwe mu wodi munali kamwana ka ku Qatar komwe matenda ake anazunguza madokotala. Ataona tsitsi la mwanayo likuyoyoka, anatchula thallium. Atayeza anapezadi kuti ndi yemweyo, ndipo mwanayo anapulumuka.

The Constant Gardener la John le Carré, lomwe linatuluka mu 2001, lili pafupi ndi kwathu kuno. Nkhani yake ndi ya ku Kenya, komwe kampani yopeka ikuyesera mankhwala a TB pa anthu osauka. Limayamba pang'onopang'ono, koma lipirireni.

Harvest la Tess Gerritsen, la 1996, ndimalipereka ndi chenjezo. Mlembiyu ndi dokotala, ndipo nkhani yake yogulitsa ziwalo imaimitsa tsitsi. Komatu ife tinaona mu 2017 momwe mphekesera za anamapopa zinaphetsera anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndiye ndinene poyera. Mtima ukachotsedwa m'thupi umangopirira maola anayi mpaka asanu ndi limodzi basi. Magazi a wopereka ndi wolandira ayenera kugwirizana, pamafunika gulu lalikulu la akatswiri, ndipo wolandirayo amamwa mankhwala moyo wake wonse. Kuika mtima mwa munthu wina si chinthu choti munthu angachite mobisa kuseri kwa katani ya wodi. Sangalalani nalo bukulo, koma tsiku la opaleshoni yanu musalithawe.

Limene ndinkawerenga usiku uja ndi Coma la Robin Cook, dokotala wa maso, lomwe linatuluka mu 1977. Mtsikana wophunzira udokotala ku Boston, Susan Wheeler, akudabwa kuti anthu athanzi lawo akumalowa m'fiyeta kukachitidwa opaleshoni yaing'ono koma osatsitsimukanso. Akuluakulu akumuuza kuti asiye kutokosa. Iye akuyamba kufukula mafayilo, n'kupeza kuti onsewo anadutsa m'chipinda chimodzi, cha nambala 8.

Pepani, apa ndiulula chinsinsi cha bukuli, chifukwa chigawenga chake timakhala nacho m'nyumba zathu muno mu Mzuzu. Odwala aja ankawapumitsa mpweya wa carbon monoxide, womwewo umene umatuluka pa mbaula ya makala. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa ngati utsi wa nkhuni. Ukalowa m'magazi umakakamira pamalo pa okosijeni mwamphamvu kuposa okosijeniyo maulendo oposa 200, ndiye ubongo umafa ndi njala magazi akuonekabe ofiira bwinobwino. Cook anasankha poizoni wake mwanzeru.

Mu Juni ndi Julayi, chifunga chikakuta Mchengautuwa ndi Zolozolo, anthu amalowetsa mbaula kuchipinda, n'kutseka zenera, mpata wa pansi pa chitseko n'kutsekanso ndi chiguduli. Chimayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Ambiri amati ndi malungo, ena amaganizira ndiwo za dzulo. Chokuthandizani kuzindikira n'chakuti banja lonse limadwala nthawi imodzi, ndipo amene watuluka panja amayamba kupezako bwino. Mukapeza anthu ali chonchi, atulutseni panja msanga, tsegulani zitseko ndi mazenera, muthamange nawo kuchipatala akalandire okosijeni. Mukafika mutiuze za mbaulayo musanafunsidwe, chifukwa kachipangizo koyezera okosijeni kaja timapanira pa chala sikasiyanitsa mpweya umenewu ndi okosijeni, kamatha kuonetsa 98 peresenti, ngati zonse zili bwino, munthu ali pangozi.