Inki yofiira ya mphunzitsi: kumene mkangano wa shodō pa intaneti wachokera

Chiyambire 2020, pomwe Covid-19 inatseketsa makalasi, aphunzitsi ambiri a shodō, luso la ku Japan lolemba zilembo ndi burashi, anasamukira pa Zoom. Ena kalasi yotereyi amaitchabe dōjō, dzina la chipinda chophunziriramo maluso a makolo, ndipo achikulire pantchitoyi sizikuwasangalatsa. Amati mu dōjō wophunzira amagwada, n'kupera yekha inki youma pamwala wa suzuri mpaka mtima utakhala pansi, kenako mphunzitsi amaima kumbuyo kwake n'kumugwira dzanja kuti amve potsindika burashi ndi poinyamula. Kamera singagwire munthu dzanja, ndipo apa akunena zoona.

Mwambowu unazika mizu m'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, m'timasukulu totchedwa terakoya. Kalembera wa boma wa m'ma 1880 anapeza timasukulu toposa 15,000, koma anachitika tambiri titatsekedwa kale, choncho akatswiri a mbiri amati chiwerengero chenicheni chinali chokwera kwambiri.

Kwa ine, pamene zinthu zinatembenukira ndi 1947. Mu 1941, nkhondo ili mkati, boma linakweza kulemba ndi burashi kukhala phunziro la zaluso m'sukulu za pulayimale. Japan atagonja, dziko lili m'manja mwa Amereka, phunziroli linachotsedwa m'mapulayimale mu 1947, ana n'kutsala ndi pensulo. Mu 1951 analola sukulu zofuna kuti ziliphunzitse, koma lamulo loti mwana aliyense agwire burashi kuyambira kalasi yachitatu linadzayamba mu 1971. Zaka 24 zimenezo!

M'zaka zomwezo lusoli linadalira makalasi a m'midzi ndi m'matauni, komanso positi. Mu 1953 katswiri wa shodō Harada Kanpō anayambitsa maphunziro a pakalata omwe lero ndi bungwe la Nihon Shūji. Wophunzira ankatengera chitsanzo chomwe wamutumizira, n'kuika pepala lake mu envulopu. Linkabwerako litakonzedwa ndi inki yofiirira, mzere wopotoka utawongoledwa, wokongola utazunguliridwa, ndipo wophunzirayo ankakwera makwerero osonyeza luso otchedwa kyū ndi dan ali kwawo.

N'chifukwa chake sinditha kunyoza mayi wa ku São Paulo kapena ku London yemwe usiku amayala pepala patebulo lodyera, n'kuloza kamera pa dzanja lake. Mphunzitsi wake amaona burashi ikuyenda, chinthu chomwe wa positi uja sankachiona. Pomwe boma la Japan linkalembetsa shodō m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe mu 2021, kuphunzira lusoli uli kutali ndi mphunzitsi kunali kutatha kale zaka pafupifupi 70.